Mtsikana waferedwa kapena akudwala maganizo: buku la nthano lomupatsa ndi liti?

Mukayang'ana mabuku a nthano olembera achinyamata a zaka 12 mpaka 18, m'laibulale kapena pa intaneti, mupeza kuti ambiri amayamba maliro atachitika kale. Mayi anamwalira, mkulu wake anafa pangozi, mnzake wapamtima anadzipha, ndipo mtsikana amene nkhani ikumutsata watsala ndi mutu umene sukumumveranso. Zikuto za mabukuwa zimafanana, mawu a kuchikuto chakumbuyo amalonjezanso zofanana, koma mkatimo alembi amadzera njira zotalikirana kwambiri. Buku lina limamupatsa mtsikana mawu onenera zimene zakhala zikumutsamwa kwa miyezi. Lina limamusenzetsa katundu pamwamba pa amene ali naye kale. Kholo, zakhali, mphunzitsi kapena woyang'anira laibulale amene akufuna kupereka buku lotere ayenera kudziwa kusiyanaku asanalipereke, ndipo mtsikana wodzisankhira yekha ayeneranso kukudziwa.

Kuchuluka kwa mabukuwa sikodabwitsa. Bungwe la World Health Organization limanena kuti mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndiponso kuti kudzipha kuli m'gulu la zinthu zikuluzikulu zimene zimapha anthu a zaka 15 mpaka 29. Ana akadali aang'ono, matenda ovutika maganizo (depression m'Chingerezi) amagwira anyamata ndi atsikana mosasiyana kwenikweni, koma akatha msinkhu atsikana amayamba kuchuluka, mpaka odwala aakazi amafika pafupifupi kawiri kuposa aamuna. Owerenga alipo ambiri, ndipo ena mwa iwo amawerenga usiku, okhaokha, popanda wowafunsa kuti bukulo lawasiya ali bwanji.

Chisoni n'china, matenda n'china

Tisanayerekeze mabuku, tisiyanitse zinthu ziwiri zimene alembi ena amaziphatikiza. Chisoni cha namfedwa chimabwera n'kupita. Mtsikana akhoza kuseka ndi anzake masana, madzulo n'kulira mpaka maso kutupa, ndipo palibe chachilendo pamenepa. Mtima wake uli pa amene wapitayo. Matenda ovutika maganizo amakhala tsiku lonse, sabata ndi sabata, amachotsa kukoma m'zinthu zonse, ndipo amatembenuzira mtsikanayo kwa iye mwini: ndine wachabechabe, ndine cholemetsa, zikanakhala bwino ndikanapanda kubadwa. Ziwirizi zikhoza kukhalira pamodzi, ndipo imfa ikhoza kuyambitsa matenda mwa munthu amene anali pafupi kale kudwala. Palinso chisoni chimene chimakana kuphwa mpaka kumulepheretsa munthu kupita kusukulu kapena kucheza. Madokotala a ku America anachiika m'buku lawo la matenda a maganizo mu 2022, ndipo kwa ana ndi achinyamata amayamba kuchiganizira pakapita miyezi 6 chichitikireni imfa.

Mabuku ambiri amamangidwa pa masitepe asanu aja otchuka: kukana, mkwiyo, kunyengerera, kukhumudwa, kenako kuvomereza. Dokotala wa maganizo Elisabeth Kübler-Ross anawalemba mu 1969 atacheza ndi odwala amene anali pafupi kumwalira, osati anamfedwa. Nthano yoyenda molunjika choncho imaphunzitsa mtsikana kuti pali ndandanda, ndipo akaona kuti chaka chatha iye akadali wokwiya, amayesa kuti wachedwa kapena wasokonekera. Mu 1999 akatswiri a za maganizo Margaret Stroebe ndi Henk Schut anafotokoza zimene anamfedwa ambiri amazizindikira okha: munthu amasinthasintha, lero akuyang'anizana ndi imfayo, mawa waiika pambali kuti achite za moyo, mkuja yamubwereranso. Ine muyezo wanga woyamba wa buku lililonse ndi umenewu. Kodi likumulola mtsikana kupita uku ndi uku popanda kumuweruza?

Buku lolowa m'mutu mwa wodwalayo

Njira yoyamba ndi ya nthano imene mtsikana wodwala amafotokoza yekha, ife owerenga n'kukhala m'mutu mwake kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Mphamvu yake ili pa kuonetsa mmene matendawo amagwirira ntchito mkati. Taganizirani mtsikana amene mayi ake anamwalira chaka chatha. Usiku uliwonse amadzuka kukatseka chitseko chimene watseka kale. Akubwerera pabedi, liwu limamuuza kuti sanagwire bwino chogwirira, ndipo akapanda kubwereza, bambo akenso afa. Akudziwa bwino lomwe kuti chitseko sichipha munthu. Akudzukabe, kachitatu, kachinayi, akuyenda monyang'ama kuti mng'ono wake asadzuke. M'mawa mphunzitsi akumukalipira kuti akusinza m'kalasi. Munthu wakunja angaone mwana waulesi. Buku lolembedwa kuchokera mkati limaonetsa mwana amene wagwira ntchito usiku wonse kuti ateteze bambo ake.

Kwa mtsikana amene ali ndi vuto lotere koma sanauzepo munthu, tsamba limodzi lotero likhoza kukhala nthawi yoyamba kumva kuti zimene zimamuchitikira zili ndi dzina, kuti ndi OCD, matenda a maganizo osafunika obwerabwera m'mutu amene amakakamiza munthu kubwerezabwereza zinthu, ndiponso kuti pali thandizo lake. Turtles All the Way Down, buku la John Green la mu 2017, ndi chitsanzo chodziwika. Mlembiyo amanena poyera kuti iyenso ali ndi OCD. Mtsikana wa m'bukulo, Aza, wa zaka 16, bambo ake anamwalira, amakaonana ndi dokotala, amalimbana ndi nkhani ya kumwa mankhwala, ndipo bukulo limatha iye asanachiriretu. Limangoonetsa kuti adzakhala ndi moyo wautali, nthawi zina wabwino, nthawi zina wovuta. Mathero amenewa ndi oona, ndipo mtsikana wodwala amazindikira msanga buku limene likumunamiza.

Koma njira yomweyi ili ndi minga. Mlembi akalowa m'mutu mwa mtsikana wodzivulaza kapena wodzimana chakudya, amakakamizika kusankha kuti afotokoza zambiri bwanji. Ena amalemba manambala a sikelo, kawerengedwe ka chakudya, njira zobisira makolo, malo a pathupi, zida. Kwa owerenga wathanzi, zimenezi zimangochititsa nthumanzi. Kwa mtsikana amene wayamba kale kulumpha chakudya, zimasanduka malangizo, ndipo nthawi zina mpikisano: wa m'bukuyu anafika pakuti, ine ndikadali kutali. Anorexia, vuto lodzimana chakudya poopa kunenepa, ndi matenda amene amadya mpikisano wotere, komanso ali m'gulu la matenda a maganizo amene amapha kwambiri. N'chifukwa chake buku limodzi lomwelo likhoza kukhala labwino kwambiri kwa mayi, kwa mnzake kapena kwa mchemwali wa wodwalayo, amene akufuna kumvetsa, koma loopsa kwa wodwala mwiniwake pamene matenda akadali pachimake. Mlembi waluso amatha kuonetsa ululu wonse popanda kupereka njira. Amene walephera kutero, buku lake lidikire mpaka mtsikanayo atapezako bwino ndipo womuthandiza wake wavomereza.

Buku lofunsa kuti anadzipheranji

Njira yachiwiri ndi imene imagulitsa kwambiri, ndipo ndi imene ine ndimaiopa. Mtsikana wafa, otsala akufufuza chifukwa, ndipo nthano ikuyenda ngati mlandu: makalata, matepi, mauthenga a pafoni, zinsinsi zikuululika chimodzichimodzi mpaka olakwa aoneke. Owerenga amatsegula masamba mofulumira chifukwa akufuna kudziwa. Sindikana kuti mabuku otere achititsa achinyamata ambiri kuganiza kawiri asananyoze mnzawo kapena kufalitsa chithunzi chake. Amanenanso zoona pa nkhani ya nkhanza za kusukulu ndi kugwiriridwa, zimene akuluakulu ambiri amazizemba.

Vuto lili pa kamangidwe kake. Nthano yotere imamupatsa wakufayo mphamvu imene analibe ali moyo. Ali moyo palibe amene ankamumvera. Atafa aliyense akumvetsera, amene anamulakwira akulira, dzina lake lili pakamwa pa sukulu yonse. Mtsikana wowerenga amene akudziona kuti palibe womumva akhoza kutolapo phunziro loti imfa ndi njira yolankhulira. Ndiponso chifukwa chimodzi kapena mndandanda wa olakwa si mmene kudzipha kumachitikira. Nthawi zambiri pamakhala zinthu zambiri zopiringizana, ndipo pakati pake pamakhala matenda a maganizo amene akanatha kuthandizidwa. Buku lofufuza olakwa limakonda kubisa matendawo chifukwa matenda sakoma kuwaimba mlandu ngati mmene zimakomera kuimba mlandu munthu.

Nkhawa imeneyi si yatsopano. Mlembi wa ku Germany Goethe atatulutsa nthano ya mnyamata Werther mu 1774, kunamveka mbiri yoti anyamata ena akutsanzira imfa yake, ndipo bukulo linaletsedwa m'malo ena. Mu 1974 David Phillips, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anapeza kuti chiwerengero cha odzipha chimakwera nyuzipepala zikalemba kwambiri za kudzipha kwa munthu wotchuka, ndipo anatchula zimenezi ndi dzina la Werther yemweyo. M'nthawi yathu ino nkhani yaikulu inali ya Thirteen Reasons Why, buku la Jay Asher la mu 2007, limene Netflix inalisandutsa filimu ya zigawozigawo mu March 2017. Filimuyo inaonetsa imfa ya mtsikanayo mwatsatanetsatane kuposa mmene bukulo linachitira. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2019 anapeza kuti mu April 2017 chiwerengero cha odzipha a zaka 10 mpaka 17 ku America chinakwera ndi pafupifupi 29 pa 100 alionse, makamaka pakati pa anyamata. Akatswiri ena anatsutsa kawerengedwe kake, ndipo kafukufuku wotere sangatsimikize kuti filimuyo ndiyo inachititsa. Komabe mu July 2019 Netflix inadula mbali yoonetsa imfayo, ndipo chaka chomwecho World Health Organization inatulutsa malangizo kwa opanga mafilimu ndi masewero: asaonetse njira, asapeputse zifukwa, aonetse anthu amene akufunafuna thandizo n'kulipeza.

Pali mbali inanso ya kafukufukuyu imene imatchulidwa mochepa. Mu 2010 Thomas Niederkrotenthaler ndi anzake ku Vienna anapeza kuti nkhani za anthu amene anafika poganiza zodzipha koma anadutsa m'nyengoyo zimayendera limodzi ndi kutsika kwa chiwerengero cha odzipha. Anazitchula dzina la Papageno, munthu wa m'sewero loimba la Mozart amene anafuna kudzipha, anyamata atatu n'kumuletsa pomukumbutsa kuti pali njira ina. Choncho kutchula kudzipha m'buku si kumene kumavulaza. Chofunika ndi chakuti nkhaniyo ikutsata ndani, wakufayo kapena wotsalayo, ndiponso ikuthera kuti. Buku limene likutsata mtsikana amene mnzake anadzipha, n'kumulola kukwiya, kudziimba mlandu, kenako pang'onopang'ono kuvomereza kuti yankho lathunthu sadzalipeza, ndi losiyana kwambiri ndi buku limene likumupatsa wakufayo mawu omaliza. Loyambalo ndingampatse mtsikana woferedwa mnzake, ndili naye pafupi. Lachiwirilo sindingampatse mtsikana aliyense amene ndikumukayikira kuti akuvutika.

Buku limene chikondi chimachiza

Pa njira yachitatuyi sinditaya nthawi yambiri. Mtsikana wosweka mtima akumana ndi mnyamata, nthawi zambiri naye wosweka, ndipo awiriwo akuchiritsana. Ndi mabuku okoma kuwerenga, ndipo mtsikana woferedwa ali ndi ufulu wonse wofuna nthano yomupumitsa. Kukondedwa kumathandizadi munthu wachisoni. Koma chikondi sichichiza matenda ovutika maganizo, ndipo buku likanena kuti chimachiza, limanamiza anthu awiri. Wodwala amadikira munthu womupulumutsa m'malo mokaonana ndi dokotala. Amene ali ndi bwenzi lodwala amayesa kuti ndi udindo wake, pa zaka 16, kusunga moyo wa mnzake yekha, ndipo zikavuta amadzitenga kuti ndiye walephera. Choipa kwambiri ndi nthano imene mmodzi amafa kuti winayo aphunzire kukonda moyo, ngati kuti wodwalayo anabwera kudzakhala phunziro chabe. Yang'anani ngati m'bukumo muli wamkulu ngakhale mmodzi wothandiza. Mabuku ambiri amtunduwu amajambula makolo ogontha, aphunzitsi osalabadira ndi alangizi opusa, mankhwala n'kumaoneka ngati chinthu chopha umunthu. Chikondi chikakhalapo pambali pa thandizo, osati m'malo mwake, bukulo lilibe vuto.

Buku limene malemu amabweranso

Njira yachinayi imalowetsa zodabwitsa m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Malemu amaoneka, amalankhula, kapena amasanduka chinthu china. Mu The Astonishing Color of After, buku la Emily X.R. Pan la mu 2018, mtsikana Leigh amakhulupirira kuti mayi ake, amene anadzipha atadwala matenda ovutika maganizo kwa zaka zambiri, asanduka mbalame yofiira, ndipo amapita ku Taiwan kukaonana ndi agogo ake amene sanawaonepo. Bukulo silibisa kuti mayiwo ankadwala ndipo silipereka chifukwa chimodzi.

Mabuku amtunduwu amagwira chinthu chimene akatswiri anachedwa kuchivomereza. Kwa zaka zambiri ankaphunzitsa kuti namfedwa ayenera kudula ubale ndi wakufayo kuti apite patsogolo. Mu 1996 Dennis Klass, Phyllis Silverman ndi Steven Nickman anasonkhanitsa umboni woti anthu ambiri, kuphatikizapo ana amasiye, amapitiriza ubalewo mwanjira ina, ndipo nthawi zambiri izi sizikhala chizindikiro cha matenda. Amalankhula ndi malemu mumtima, amawalota, amadzifunsa kuti mayi akanati chiyani. Ena amamva ngati awaona m'gulu la anthu kapena amva liwu lawo. Mtsikana amene zimenezi zikumuchitikira amaopa kuuza aliyense kuti angamuyese wamisala. Nthano yotere imamuuza, popanda kumulalikira, kuti kusunga mayi ake mumtima si kulakwa.

Kwa mtsikana woferedwa kholo, makamaka patapita miyezi ingapo, iyi ndi njira imene ndimaikonda kwambiri. Ili ndi malire awiri. Ngati mtsikanayo akumva mawu omulamula, akuona zinthu zomuopsa, kapena sakuthanso kusiyanitsa maloto ndi zenizeni, buku losakaniza ziwirizi silimuyenera ndipo akufunika dokotala msanga. Ndipo onetsetsani kuti dziko la akufa silikujambulidwa lokoma kuposa la amoyo. Nthano ikamaonetsa kuti malemu akumuitana, kapena kuti mtendere weniweni uli tsidya linalo, yapatuka njira.

Buku la ndakatulo ndi buku lachete

Chinthu chimene opereka mabuku amaiwala ndi chakuti chisoni chimadya nzeru zowerengera. Mtsikana amene kale ankamaliza buku pa masiku awiri akhoza kubwereza ndime imodzi kasanu osatolapo kanthu. Matenda ovutika maganizo amachitanso chimodzimodzi. Kumupatsa buku la masamba 400 odzaza mawu ndi kumupatsa chinthu china choti alephere.

Nthano yolembedwa mwa ndakatulo imathandiza apa. Tsamba limakhala ndi mizere yochepa, malo ambiri oyera, ndipo akhoza kuwerenga masamba atatu, kutseka, n'kumva kuti wasuntha. Clap When You Land, buku la Elizabeth Acevedo la mu 2020, limatsata atsikana awiri, wina ku Dominican Republic, wina ku New York, amene amadziwa kuti ndi apachibale bambo awo atafa pangozi ya ndege. Mlembiyo anatengera maganizo ake pa ngozi yeniyeni ya ndege imene inagwa ku New York mu November 2001 ikupita ku Santo Domingo. Bukuli limakhudza mbali ya chisoni imene anthu satchula pamaliro: kulira munthu amene umamukonda koma wazindikira kuti anakunamiza. Atsikana ambiri amanyamula mkwiyo wotere mobisa, chifukwa aliyense akungotamanda malemu.

Pafupi ndi limeneli pali buku lachete, limene sizichitika zambiri. Mtsikana ali yekha, masiku akudutsa, ndipo nkhani yonse ili m'tinthu ting'onoting'ono. Akudzaza fomu ya kusukulu, dzina walemba, tsiku lobadwa walemba, n'kufika pa mzere wofuna nambala ya foni ya mayi. Nambalayo akuidziwa pamtima. Cholembera chaima m'mwamba, mnzake wa pambali wamaliza kale, ndipo iye akusankha pakati pa kulemba nambala imene siliranso kapena kusiya mzere wopanda kanthu umene mphunzitsi adzafunsa. Mlembi amene amaona zinthu ngati izi amadziwa chisoni. We Are Okay, buku la Nina LaCour la mu 2017 limene linalandira mphoto ya Printz, ya mabuku a achinyamata ku America, mu 2018, ndi lamtunduwu: mtsikana woferedwa agogo ake aamuna atsala yekha m'nyumba yogona ophunzira pa tchuthi cha nyengo yozizira, mnzake n'kubwera kudzamuona kwa masiku atatu. Kuipa kwa mabuku achete n'kwakuti wowerenga wokonda zochitika amatopa nawo msanga, ndipo kwa mtsikana amene wadzipatula kale kwa anzake, mitu yoyambirira ikhoza kumumiza kwambiri asanafike pamene munthu wina akugogoda pachitseko. Ndi bwino kumuuza kuti wogogodayo akubwera.

Ndiye liti kwa ndani?

M'masabata oyamba maliro atangochitika, nthawi zambiri palibe buku la imfa limene likufunika. Atsikana ambiri amabwerera ku mabuku amene ankawakonda ali ana, kapena nthano zoseketsa, ndipo kumeneko ndi kupuma koyenera, osati kuthawa. Musamulande n'kumupatsa limene inu mukuona kuti ndi lothandiza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mungaike mabuku awiri kapena atatu pamene angawaone, kumuuza mwachidule zimene zili mkati, n'kumusiya asankhe kapena asasankhe.

Pakapita miyezi, kwa woferedwa amene sakuonetsa zizindikiro za matenda, ndingayambe ndi la ndakatulo kapena la malemu obweranso. Kwa amene dokotala wamupeza ndi nkhawa yaikulu, OCD kapena matenda ovutika maganizo, ndipo akulandira thandizo, buku lolowa m'mutu limakhala mnzake wabwino, bola likhale losapereka njira zodzivulazira ndiponso losanyoza mankhwala. Kwa anzake, achemwali ake ndi makolo, buku lomweli ndilo lofunika kwambiri, chifukwa limachotsa mawu aja opweteka akuti angolimba mtima, akufuna chidwi, ali ndi zonse akusowa chiyani. M'kalasi, pamene buku limodzi likuwerengedwa ndi ana makumi angapo amene mphunzitsi sadziwa zonse za kwawo, ndingapewe lofufuza olakwa, chifukwa pagulu lotero kawirikawiri pamakhala wina amene akuvutika mwakachetechete, ndipo amene sakufuna kuwerenga apatsidwe lina popanda kufunsidwa chifukwa pamaso pa anzake.

Musadalire chikuto kapena kuchuluka kwa anthu olitamanda pa intaneti, kumene buku limatchuka chifukwa choti linaliza anthu. Kuliza si umboni woti ndi labwino kwa mwana wanu. Ngati simungathe kuliwerenga lonse, tsegulani kumapeto. Werengani mitu iwiri yomaliza muone ngati mtsikanayo ali moyo ndiponso ngati ali ndi anthu. Werengani mawu a mlembi a kumapeto kwenikweni, chifukwa alembi osamala amafotokoza pamenepo zimene anadutsamo kapena akatswiri amene anawafunsa. Mabuku ambiri atsopano amakhalanso ndi chenjezo koyambirira lotchula nkhani zolemera zimene zili mkati. Kenako tsegulani pakati, pamene zinthu zafika poipitsitsa, muone ngati mlembi akufotokoza mmene mtsikanayo akumvera kapena mmene akuchitira. Nambala za foni za thandizo zimene zimasindikizidwa kumapeto nthawi zambiri zimakhala za dziko limene bukulo linasindikizidwira, choncho lembani ndi dzanja lanu pansi pake nambala kapena malo a thandizo a kumene mtsikanayo akukhala, pamodzi ndi nambala yanu.

Chinanso choyenera kuyang'ana ndi chakuti mtsikana wa m'bukumo akufanana bwanji ndi wowerengayo. Mabuku ambiri otchukawa analembedwa m'Chingerezi ndipo amachitikira ku America, m'mabanja amene dokotala wa maganizo amapezeka sabata iliyonse. Mtsikana amene thandizo lotere lili kutali akhoza kutseka buku akudziona kuti iye alibe mwayi. Muuzeni kuti thandizo silikhala ndi nkhope imodzi: namwino, dokotala wa pachipatala chapafupi, mlangizi wa kusukulu ndi wachibale womvetsera onse ndi poyambira. Buku limene likuonetsa banja losafuna kutchula matenda a maganizo, kapena mtsikana woyembekezeredwa kulera ang'ono ake mayi atamwalira, likhoza kumufika pamtima kuposa limene lili ndi mphoto zambiri.

Mukampatsa, musamufunse ngati mayeso kuti waphunziramo chiyani. Mufunseni za mtsikana wa m'nthanoyo. Achinyamata ambiri amamasuka kunena kuti Aza amatopa kapena Leigh wakwiyira bambo ake kusiyana ndi kunena kuti ine ndatopa, ine ndakwiya, ndipo inu mukamvetsera bwino mumva amene akunenedwa. Akakuuzani kuti pamene wa m'bukuyo amafuna kufa, iyenso zimamuchitikira, musadzidzimuke moonekera ndipo musasinthe nkhani. Mufunseni molunjika ngati akuganiza zodzipha. Kafukufuku amasonyeza kuti kufunsa sikumuika munthu maganizowo m'mutu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akayankha kuti inde, musalonjeze kusunga chinsinsi, musamusiye yekha, chotsani pafupi mankhwala ndi zina zimene angadzivulaze nazo, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.